Liwiro la Mkamwini wa ku Milepa

Anamutulutsira katundu dzuwa lili pamutu. Mphasa, bulangete, khasu lothyoka mpini. Basi. Chuma chonse cha Alufeyo chinali chomwecho.

Munali mu 1998, anthu atangokolola, kwa Likoswe m'boma la Chiradzulu. Mudziwo sunali wake. Unali wa mkazi wake, Nester. Kumeneko mwamuna amakakhala kwa mkazi. Nyumba amange yekha, munda alime yekha, koma dothi ndi la eni. Akatopa naye amangomulozera njira.

Ndipo anali atatopa naye.

Alufeyo ankanyamula mabelo pa fakitale ina ku Limbe. Fakitale inatseka. Anabwerera kumudzi manja ali lende. Anayamba ndi kapu imodzi ya kachasu, yochotsera maganizo. Kapu inabala botolo. Botolo linabala anzake.

Tsiku lina mwana wawo Thandie, wazaka zitatu, anakomoka ndi malungo. Nester anazungulira mudzi wonse kufuna bambo a mwana. Anawapeza ali gone m'ngalande, ntchentche zili pakamwa. Mwana anapita kuchipatala ku Nguludi pa njinga ya mwamuna wa eni. Anachira. Koma ukwati unatsala uli gone.

Mwini mbumba anali a Silvesta, malume ake a Nester. Telala wa pakhonde, tepi m'khosi, nthabwala pakamwa. Tsiku lomutulutsira katundulo sanakalipe. Anangomwetulira, kumwetulira kowawa kuposa ndodo.

"Akamwini," anatero, "ife tinkayesa talandira tambala. Kani ndi bakha, wogona m'ngalande."

"Pepani a malume. Ndisintha."

"Kasinthireni kwanu. Mvula ikubwerayi, tikadzatha kupalira, ankhoswe adzakhala pansi. Mukadzabwera mowa mutasiya, ntchito ili m'manja, tidzakamba. Apo ayi, ukwatiwu tidzaumasula ngati msoko wokhota."

Nester anaima pakhomo, Thandie ali kumsana. Alufeyo anasenza mphasa yake, ulendo wa kwawo ku Milepa.

Ine ndine wa m'tauni. Sindikhalitsa malo amodzi. Ndakwera mabasi ambiri, ndamva za anthu ogwa ambiri. Nkhani iyi ndinaimvera pa Milepa pomwepo, ndikudikira matola. Matola anabwera. Ndinawasiya apite. Nanunso khalani pansi.

Ku Milepa kunalibe chomudikira. Minda inali ya alongo ake. Mlongo wake wamkulu, Ellina, anamupatsa malo m'khitchini, limodzi ndi nkhuku. Ankaumba njerwa za anthu. Manja ankanjenjemera, thupi likufunsa kachasu. Ankaluma mano n'kupondanso dothi.

Koma chimene chinkamupha sichinali ludzu. Anali Thandie.

Kuchoka ku Milepa kukafika kwa Likoswe si pafupi. Woyenda pansi amanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Yokwerera matola analibe. Kugona kumeneko anamuletsa.

Lamulungu lina, atatuluka m'tchalitchi, anadula nzimbe n'kuyamba ulendo. Atayenda pang'ono anayang'ana dzuwa. Anaona kuti ndi mayendedwe amenewo akafika mdima, mwana atagona. Anapanira nzimbe m'khwapa. Anayamba kuthamanga.

Pa mtunda woyamba anasanza. Pa wachiwiri maso anachita mdima. Anakhala pa chulu, chifuwa chikulira ngati mvukuto wa osula. Anadzukanso.

Tsono dziwani ichi. Kumudzi munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti waba, kapena wanyamula uthenga wa maliro. Pa Namitambo mayi wina anatula mtolo wa nkhuni n'kugwira pamtima.

"Achimwene! Watisiya ndani?"

"Palibe, mayi!"

"Nanga mwaba chiyani?"

Agalu anamulondola. Amuna a pabawo anaimirira kuyang'ana amene akumuthamangitsa. Sanaone munthu. Anagwirizana chimodzi: kachasu wamaliza ntchito yake, mutu wazungulira.

Anafika dzuwa likadalipo. M'mudzi sanalowe. Anaima pa mjigo, pomwe Nester amatunga madzi. Azimayi anasiya kupopa.

"Mwabwera ndi chiyani?" anafunsa Nester.

"Ndi miyendo, mayi a Thandie."

"Kuchokera ku Milepa? Musandiseketse. Tasenderani. Uzirani mpweya kuno."

Azimayi anafa nacho chikhakhali. Mwamuna wandevu zake, kuuzira mpweya ngati mwana wobisa shuga m'kamwa! Alufeyo anameza manyazi. Anauzira.

Nester ananunkhiza.

"Lero mulibe," anatero. Anamasula nsalu n'kumupatsa mwana.

Anamunyamula nthawi yochepa chabe. Anamusendera nzimbe ndi mano. Kenako anabweza mwana, n'kutembenuka, n'kuyambanso liwiro lobwerera.

Lamulungu lotsatira anabweranso. Lotsatiranso. Kenako anawonjeza ndi pakati pa sabata. Kusanza kunatha. Kunjenjemera kunatha. Njira inayamba kumulowa m'magazi.

Ndipo ndi njira yotani! Ndinaiyenda. Umachoka m'madambo a ku Milepa, Mulanje ali kumbuyo kwako ngati khoma. Umadutsa minda ya nandolo. Ukapitirira Namitambo nthaka imayamba kutukuka. Kenako mtunda wa ku Mbombwe, wautali, wofiira, wopanda chisoni. Pamwamba pake tchalitchi chachikulu cha PIM, ndi pambali pake zotsala za tchalitchi chakale chimene asilikali a atsamunda anaphulitsa mu 1915. Ukatsika, mtsinje. Ukakwera, phiri la Malavi lili pamaso pako. Kutsika, kukwera, kutsika, kukwera. Dziko limenelo silidziwa kugona chagada.

Pa mtunda wa ku Mbombwe ndi pomwe anakumana ndi Che Twaha.

Che Twaha anali Myao wa imvi zapatalipatali, wogulitsa matemba. Ankapikula ku nyanja ya Chilwa n'kupalasa njinga mpaka ku Limbe, dengu lili kumbuyo. Pachidikha ankamudutsa Alufeyo akuliza belu. Pamtunda Alufeyo ankawadutsa iwo. Zinachitika kangapo. Tsiku lina Che Twaha anagwetsa njinga dala pakati pa njira.

"Alomwe inu! Taimani! Mukundichititsa manyazi pamaso pa nsomba zanga!"

"Pepani Che Twaha. Ndachedwa, mwana agona."

"Amakuphunzitsani ndani?"

"Kuphunzitsa chiyani?"

"Kuthamangaku!"

"Kodi amachita kuphunzitsa?"

Che Twaha anagwira mutu. Anakweza buluku n'kumuonetsa bondo lotupa ngati papaya. Pa unyamata wawo ankathamangira timu ya kampani ina, mpaka bondolo linawakana. Wothamanga ankamudziwa ndi maso.

"Tamverani, achimwene. Pa 15 Januwale, tsiku la tchuthi lija, kampani ina ya ku Limbe ikuchititsa mpikisano. Kuyambira ku Magomero, kuthera pa tchalitchi apa. Atatu oyamba akuwatenga mu timu yawo. Wolowa timu amamulemba ntchito. M'mawa kuthamanga, masana kugwira."

Alufeyo anasendera pafupi.

"Mwati ntchito?"

"Ndati ntchito. Ya yunifomu."

Januwale. Nthawi yopalira. Nthawi ya ankhoswe. Alufeyo anawatolera yekha matemba amene anamwazika m'fumbi.

Kuyambira pamenepo anthu anazolowera zachilendo. Munthu patsogolo akuthamanga, njinga ya nsomba pambuyo ikukalipa.

"Manja pansi! Mukumenya nkhonya ndani? Mutu mmwamba! Mwataya chiyani pansipo?"

Che Twaha anamutsegulira njira zatsopano. Anamukweza m'mbali mwa phiri la Chiradzulu, anyani akuwatukwana m'miyala. Pamwamba, kukacha bwino, Chilwa inkaoneka kutali kum'mawa, ikunyezimira ngati lata latsopano. Anamutsitsira ku Magomero, kumene mpikisano udzayambire.

Ku Magomero Alufeyo anaima yekha osauzidwa. Lero ndi minda ya anthu ndi midzi. Kale inali esiteti ya mzungu, imene anthu anaiukira mu 1915. Anganga ake a Alufeyo, atawoloka kuchokera ku Mozambiki, anagwira thangata pamenepo, ntchito yolipira malo okhala. Alufeyo anatola chidutswa cha njerwa yakale m'mphepete mwa munda, n'kuchibwezera pansi.

"Anganga ankati belu la kapitawo likalira, ankathamanga pano mpaka kutuluka magazi m'mapazi," anatero. "Ankathamangira mzungu. Ine ndithamangira mwana wanga."

"Ndiye thamanganitu," anatero Che Twaha. "Nsomba zanga zikuwola ndi mbiri yanuyo."

Mu Okutobala kunachitika kampikisano kakang'ono pa boma. Che Twaha anati akayese. Anamubwereka nsapato zawo zakale, zazikulu, anachita kutsendera nsanza kutsogolo.

Wezulo inalira. Alufeyo anatuluka ngati mwala wa legeni. Asanafike patali anali yekha patsogolo. Che Twaha ankaimba nyimbo pa njinga.

Kenako, pansi pa mtengo wa mango, panakhala a Mateyu. Mkulu wa mpingo wa ku Milepa. Mnzawo wa malemu bambo ake.

Alufeyo anaima. Anavula chipewa. Ananjuta.

"Moseliwa, bambo," anapereka moni wa Chilomwe.

"Aa, Alufeyo mwana wanga! Kunyumba kuli bwanji? A Ellina mwendo uja unapola?"

"Unapola, bambo."

"Nanga mbuzi ija inaswa?"

"Inaswa awiri."

"Awiri! Mulungu ngwabwino. Aamuna kapena aakazi?"

Othamanga anadutsa. Woyamba, wachiwiri, gulu lonse. Anadutsa ndi mphunzitsi wina wamimba amene analowa mpikisano pofuna kuseketsa ana a sukulu. Alufeyo atatsanzika, anayambanso. Patsogolo anakumana ndi apongozi a mlongo wake. Anaimanso.

Anamaliza anthu akupinda kale mabenchi.

Che Twaha anaponya chipewa chawo pansi n'kuchiponda.

"Achimwene, uwu unali mpikisano kapena kuzonda odwala?"

"Nanga ndikanawadutsa a Mateyu ngati chitsa? Ndinaleredwa ine."

"Munaleredwa! Kauzeni a malume akewo kuti ntchito ndilibe koma ndinaleredwa!"

Nkhani inafika kwa Likoswe iye asanafike. A Silvesta anaseka mpaka kuthyola singano.

"Ati ntchito yothamanga? Ndiye agalu onse a m'mudzi muno ndi mabwana!"

Madzulo a tsiku la mpikisanowo Alufeyo anadzera pa msika. Mnzake wakale wa kumowa, Jonathan, anamukodola ali kuseri kwa sitolo.

"Ambwana, mwavutika mokwanira. Gwirani kamodzi, kochotsera fumbi kukhosi."

Alufeyo analandira kapu. Fungo linamulowa mpaka m'mafupa. Malovu anadzaza m'kamwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja linayamba kukwera lokha.

Anaibweza.

"Mawa ndi Lamulungu," anatero. "Ndikukauzira mpweya pa mjigo."

Che Twaha nawo anagona nayo nkhaniyo. Anazindikira kuti ulemu wa munthu uyu sangauzule. Anaganiza zoupatsa miyendo.

"Mukaona wamkulu, osaima. Wombani m'manja kawiri muli paliwiro, weramani pang'ono, fuulani kuti tidutse nawo. Zambuzizo mudzafunsana pobwerera."

Anayesa. Phu, phu! "Tidutse nawo!" Poyamba akuluakulu anadabwa. Kenako anayamba kuyankha. "Dutsani, dutsani!" Pofika Disembala njira yonse inamudziwa. Mayi wa nkhuni wa pa Namitambo uja ankamuikira chikho cha thobwa pa chitsa. Amuna a pabawo ankakangana za iye ngati timu ya mpira. Wamisala uja anasanduka wathu.

Mvula inagwa. Chimanga chinamera. Makasu anayamba kulira m'minda. Nester, pomupatsa mwana Lamulungu lomaliza, analankhula motsitsa mawu.

"A malume atumiza kale mawu kwa ankhoswe. Akuti sabata ya mawa ikatha. Ine sindikufuna kumasulidwa, bambo a Thandie. Koma pakamwa panga sipalemera kuposa pawo. Musakaime."

"Sindikaima."

"Ngakhale muone a bishopu."

"Ngakhale a bishopu."

Tsiku linafika. Mvula inali itavumba dzulo lake, msewu uli noninoni. Ku Magomero kunatsika malole. Anyamata a ku Blantyre, a ku Zomba, asilikali, apolisi. Makabudula owala. Nsapato zoyera ngati ufa. Ankadumphadumpha, kudzikoka miyendo, kuyang'ana mawotchi. Alufeyo anaima pambali ndi kabudula wodula ku buluku, nsanza zili m'nsapato.

Wina anamuyang'ana kuyambira kumutu.

"Madala, ganyu yopalira ili uko."

"Zikomo. Ndikapalira pobwerera."

Wezulo!

Gulu linaphulika. Matope anauluka. Alufeyo sanathamangire kutsogolo. Che Twaha anali atamuuza: asiyeni adye mphamvu zawo pachidikha. Anakhala pakati, akumvetsera mpweya wa anzake. Njinga ya Che Twaha inali pambuyo, lero yopanda dengu.

Mitunda inayamba. Gulu linayamba kuduka ngati mkanda. Phiri la Chiradzulu linakula kutsogolo, mutu uli m'mitambo. Alufeyo anayamba kutola anthu. Wapolisi. Msilikali. Womunena za ganyu yopalira uja, lilime lili kunja.

Anthu anali ndandanda m'mbali mwa msewu. "Ndi uyo! Wa ku Milepa uja! Wathu uja!" Pa boma anaona a Mateyu atakweza ndodo. Phu, phu! "Tidutse nawo!"

"Dutsa mwana wanga! Zambuzi tikamba mawa!"

Atapitirira boma anayang'ana kutsogolo. Kunalibe msana wa munthu. Anali woyamba. Che Twaha ankaliza belu ngati wopenga.

"Chomwecho! Chomwecho, Alomwe! Yunifomu ndi imeneyo!"

Anakhota pa ngodya ina, msewu ukutsikira m'mudzi. Ndipo anawaona.

Masamba. Nthambi zaziwisi, zoyalidwa modutsa msewu.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa. M'mudzimo mwagwa maliro. Kuyambira pa masamba amenewo mpaka pa ena a kutsogolo, wa njinga amatsika, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wa chipewa amavula. Palibe amathamanga. Munthuyo anamwalira dzulo lake madzulo. Okonza mpikisano sanadziwe.

Amuna anali atakhala pansi pa mitengo. M'nyumba ya siwa munkamveka kulira kwa azimayi ndi nyimbo yapansipansi. Maso onse anatembenukira kumsewu.

Alufeyo anamva mawu a Nester m'khutu. Musakaime. Anaona Thandie. Anaona ankhoswe atakhala pa mphasa. Apa kuwomba m'manja sikukanathandiza. Wamoyo ukhoza kumulonjera pobwerera. Uyu pobwerera adzakhala ali m'manda.

Miyendo inazizira yokha. Anavula chipewa. Anayamba kuyenda, manja kumbuyo.

Che Twaha anamupeza, akunong'ona mokalipa.

"Mukutani? Thamangani! Akubwera!"

"Ndi maliro, Che Twaha."

"Ndikuona kuti ndi maliro! Koma ukwati wanu nawonso ulowa m'bokosi lomwelo!"

"Nanga inu mwatsikiranji njinga?"

Che Twaha anadziyang'ana. Analidi pansi, akukankha njinga. Sanadziwe n'komwe nthawi imene anatsika.

Mapazi anamveka kumbuyo. Woyamba anadutsa, maso ali pansi, osaona kanthu koma msewu. Wachiwiri. Wachitatu. Ntchito zonse zitatu zinamudutsa akuona. Wachinayi anadutsanso. Wachisanu, mnyamata wamtali wa ku Zomba dzina lake Levi, anaona masamba, anaona Alufeyo, nayenso anayamba kuyenda.

Mudziwo unali wautali. Mayo, unali wautali! Alufeyo ankayenda, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Misana ya anzake inkachepa kutsogolo mpaka inakhota.

Pa masamba omaliza panakhala bambo wina wokalamba, maso ofiira, mmodzi wa anamfedwa. Anadzuka. Anakoka nthambi imodzi ndi dzanja lake, kuichotsa panjira.

"Mwapepesa kale, ana anga," anatero. "Tsopano thamangani. Kawagwireni!"

Abale, munthu anauluka.

Levi anayesa kumukakamira. Anatsala. Che Twaha anadumphira pa njinga, tcheni chinagwa, anachisiya, anayamba kukuwa ali chiimire. Alufeyo sanamve. Anatsika chigwa ngati madzi osefukira. Anawoloka mlatho. Anakweza maso.

Mtunda wa ku Mbombwe.

Kwa enawo unali mtunda wachilendo, wobwera miyendo itatha kale. Kwa iye inali njira ya kwa Thandie. Ankadziwa pomwe dothi lofiira limaterera, pomwe pali miyala yopondapo, pomwe umanamiza ngati watha koma usanathe.

Anamupeza wachinayi uja akuyenda, manja ali m'chiuno. Anamudutsa. Anatsala atatu. Awiri anali kutali, osagwirika. Koma wachitatu anali apo, wa malaya ofiira, akuterereka pakati pa msewu. Ankaoneka wamng'ono ngati chala. Kenako ngati mwana. Kenako ngati munthu.

Nsapato imodzi ya Che Twaha inamira m'matope n'kutsala momwemo. Sanatembenuke. Phazi lina nsapato, lina lopanda. Pha, tchwa! Pha, tchwa!

Nsonga ya tchalitchi inatulukira. Kenako khamu. Anthu anali atabwera ku mapemphero a tsikulo, mazanamazana, azimayi a yunifomu zoyera, makwaya, ogulitsa zitumbuwa. Ataona phazi lopanda nsapato, phokoso linakwera ngati mvula ya pa malata.

"Wa ku Milepa! Wa ku Milepa!"

Wa malaya ofiira anacheuka. Anaona. Anawonjezera. Nayenso ankaifuna ntchitoyo, nayenso anali ndi ake kunyumba. Anafika phewa ndi phewa. Chifuwa cha Alufeyo chinkayaka moto. Maso anayamba kuchita mdima ngati tsiku loyamba lija. Chingwe chinali apo, koma miyendo inati basi.

Pamenepo mawu amodzi anang'amba phokoso lonse.

"Bambo a Thandieee! Musandichititse manyaziii!"

Nester. Nsalu ili m'chiuno, mwana kumsana, akuthamanga m'mbali mwa msewu, akugunda anthu.

Alufeyo sakudziwa kumene anaitenga mphamvu yotsalayo. Anaponya chifuwa kutsogolo. Anagwa chafufumimba kuseri kwa mzere, pakamwa podzaza matope.

Bambo wa kampani, wa chipewa choyera, anafunsana ndi anzake. Kenako anakweza zala zitatu n'kuloza munthu wogona m'matope uja.

Nthungululu! Azimayi a kwaya anasiya nyimbo yawo n'kuyamba ina. Anyamata anamunyamula m'mwamba, matope akudontha. Che Twaha anafika akutsimphina, njinga paphewa, nsapato yotsala ija ili m'manja, akulira poyera ngati mwana.

"Nsapato yanga mwaitaya, Alomwe inu! Koma ndakukhululukirani!"

Bambo wa kampani anamugwira chanza.

"Dzina?"

"Alufeyo, bwana."

"Ndamva zoti munali patsogolo, n'kuyamba kuyenda. Zoona?"

"Panali maliro, bwana."

Bamboyo anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Lolemba m'mawa mubwere ku Limbe. Mukayezetse yunifomu."

A Silvesta analipo. Anabwera kudzaseka, anatero okha pambuyo pake. Anayandikira pang'onopang'ono, akupukuta magalasi.

"Akamwini."

Alufeyo ananjuta. "Wawa, a malume."

"Ine ndinati mupeze ntchito. Sindinati muchite kuithamangitsa ngati mbuzi yodula chingwe."

Anthu anaseka. A Silvesta sanaseke nawo. Anatsitsa mawu.

"Zapamasamba zija ndamva. Amene amwalirawo tinkapemphera limodzi." Anakhosomola. "Ankhoswe ndiwauza asavutike ndi ulendo. Yunifomuyo ikakakula, mubwere nayo. Ndidzakubwezerani ulere."

Nester anamasula Thandie n'kumuika m'manja mwa bambo ake, matope ndi matope.

"Ndinati musakaime," anatero.

"Munatero."

"Mukanapanda kuima, bwenzi ndikuopa kuti ndakwatiwa ndi chinyama." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Tiyeni kunyumba. Koma poyenda. Wina akathamanga ndimusiya panjira."

Anapita poyenda, atatu, kulowera kwa Likoswe. Anafika dzuwa litapendeka. Alufeyo sanaime pa mjigo. Analowa m'mudzi.

Anathamangira kampaniyo zaka zingapo. Sanakhale katswiri wa dziko lonse. Ku mipikisano ina ankapambana, ku ina ankabwera wachikhumi. Koma nyumba ya kwa Likoswe anaifolera ndi malata, ndipo Thandie anayamba sukulu bambo ake atamugwira dzanja.

Tsono inu amene mukuwerenga. Mwina ntchito inatha. Mwina munalephera mayeso, mwina botolo linakugwetsani, ndipo anthu anakupatsani kale dzina. Mwina munadzuka, munayesetsa, munafika patsogolo, kenako china chake chinakuimitsani pamene simukanachitira mwina. Mukuona anzanu akukudutsani mmodzimmodzi, atanyamula chimene chinali chanu.

Yendani pamene pafunika kuyenda. Si kugonja kumeneko. Masamba ali ndi pothera. Mukangowapitirira, kwezani maso, muone msana wa amene ali pafupi, muyambe ndi ameneyo.

Mtimawo musausiye panjira. Mtunda uli kutsogolowo ukufuna womwewo. Dzukani, thamangani!